Msomali ukafiira pamoto, maginito amausiya: chachitika n'chiyani?

(Pa kanema: msomali uli pa mbaula, wina akukupiza makala.)

Taonani msomali uwu. Ukadali wozizira, maginito amene ndachotsa m'sipika ya wailesi yakale amaukoka mwamphamvu. Tauika pamakala, takupiza mpaka wafiira psuu. Ndaugwira ndi pulayala, ndikuuyandikizitsa kwa maginito. Zii! Ngati kamtengo chabe. Uzizire pang'ono, mwaona? Wakakamiranso.

Chitsulo chimasiya kukokedwa motere chikafika madigiri 770. Pierre Curie anazifufuza ku Paris mu 1895, ndipo malire amenewa amatchedwa ndi dzina lake. Chitsulo china chotchedwa gadolinium malire ake ali pafupi ndi madigiri 20, moti kutentha kwa m'dzanja mwanu n'kokwanira.

Tiyeni tilowe m'kati. M'chitsulo muli tinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso totchedwa maelekitironi. Elekitironi iliyonse ili ngati kakampasi kakang'ono kwambiri, khalidwe limene asayansi amati spin. M'chitsulo, timakampasi toyandikana timagwirizana, timaloza mbali imodzi. Mphamvu ya maginito ndi mgwirizano umenewo basi.

(Pa kanema: mphepo ikudutsa m'munda wa mpunga.)

Apa ndi pamene pamandisangalatsa kwambiri. Yang'anani mpungawu. Palibe phesi limene likuchoka pamalo pake, koma funde likuyenda kuchokera uku mpaka uko. Mu 1930 Felix Bloch anaonetsa kuti m'maginito zimachitikanso chimodzimodzi. Kutentha kukalowa, kakampasi kamodzi sikatembenuka kokha. Kamapendekeka pang'ono, n'kupendeketsa mnzake, mnzakeyo winanso, funde n'kumayenda. Ndipo fundelo silibwera mulimonse, limabwera m'timagawo towerengeka, kagawo kamodzi n'kumatchedwa magnon. Simungakatole n'kukaika m'botolo, chifukwa kalipo pokhapokha maelekitironi ambirimbiri akamagwedezeka pamodzi. Komabe mu 1957 Bertram Brockhouse anayeza mafundewa ku Chalk River ku Canada, powombera tinthu tina tating'onoting'ono totchedwa ma neutron pa mwala wa maginito wotchedwa magnetite.

Moto ukamakula, mafunde amachuluka, mgwirizano n'kumafooka, mpaka pa 770 paja timakampasi tonse taloza kosiyanasiyana. Tilipobe, koma sitikumvananso.

Nanga popanda kutentha konse? Mu 2010 gulu la Radu Coldea wa ku Oxford linalengeza kuti linaziziritsa mwala wa cobalt niobate kufika pafupi kwenikweni ndi madigiri 273 pansi pa ziro. Kenako anaukankha cham'mbali ndi mphamvu ya maginito ya ma tesla 5.5 (tesla ndi muyezo wa mphamvu ya maginito). Mgwirizano unasweka, osati ndi moto, koma ndi kusakhazikika kwachibadwa kwa tinthu tating'onoting'ono, kumene asayansi amati kwa quantum, kumene sikutha ngakhale kuzizire bwanji. Atayandikira pamene mgwirizanowo umaswekera, anayeza mafunde awiri otsikitsitsa mphamvu, n'kupeza kuti lina limaposa linzake ka 1.618, monga momwe Alexander Zamolodchikov anawerengera pa pepala mu 1989. Panadutsa zaka zoposa 20 kuti masamu ake aonekere m'mwala weniweni.

(Pa kanema: msomali wozizira ukulendewera pa maginito.)