Nthawi za thupi zimene sizitsatira dzuwa

Amayi ndi abambo, alangizi athu, komanso achinyamata amene mwakhala kumbuyoko, zikomo pobwera madzulo ano kuno ku Chawama, mu Lusaka. Tonse timadziwa kuti thupi limatsatira usana ndi usiku. Koma akatswiri a zamaganizo amatiuza kuti m'thupi mulinso nthawi zina, zina zazifupi zimene zimabwereza kangapo tsiku lisanathe, zina zazitali zotenga mwezi kapena chaka, ndipo ine ndimaona kuti zambiri zimene timanenezana m'makomo, monga ulesi, mwano ngakhale ufiti, zimachokera pa kusadziwa nthawi zimenezi.

Tiyambe ndi tulo. Mu 1953, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman a pa yunivesite ya Chicago anafalitsa zimene anapeza, zoti pa nthawi zina usiku maso a munthu wogona amayendayenda mofulumira zikope zili chitsekere, ndipo ambiri amene anadzutsidwa pa nthawiyo ananena kuti amalota. Gawo limeneli limatchedwa REM, kapena kuti gawo la maloto. Munthu wamkulu amayamba ndi tulo topepuka, kenako tulo tofa nato, kenako gawo la maloto, ndipo ulendo wonsewu umatenga pafupifupi mphindi 90, n'kubwereza kanayi kapena kasanu usiku umodzi. Maulendowa safanana. Tulo tofa nato timachuluka kumayambiriro kwa usiku, pomwe maloto amatalika kukamacha, moti mayi amene amadzuka 4 koloko kukapikula ndiwo ku Soweto Market amataya makamaka gawo la maloto.

Apa mpamene ndikufuna makolo mumvetsetse. Mwana amene amadzuka n'kumayenda ali m'tulo, kapena kukuwa maso ali chitsegulire koma osakuzindikirani, nthawi zambiri amachita zimenezi m'maola oyamba a usiku, pamene ubongo wake ukutuluka mu tulo tofa nato koma sunadzuke wonse. M'mawa sakumbukira kanthu, ndipo ana ambiri amasiya akamakula. Chofunika n'kutseka zitseko, kuchotsa mbaula pafupi, ndi kumubwezera pogona mofatsa. Palinso vuto lina limene akuluakulu amachita manyazi kulinena: munthu wadzuka, akumva zonse, koma sangasunthe mkono kapena kufuula, ndipo akumva ngati wina wamukhalira pachifuwa. Pa gawo la maloto ubongo umamanga minofu kuti munthu asachite zimene akulota, ndipo nthawi zina maganizo amadzuka minofu isanamasuke. Zimaopsa ndithu, koma zimatha pa masekondi kapena mphindi zochepa, ndipo zimabwera kawirikawiri kwa anthu osagona mokwanira, monga alonda ndi ogwira ntchito usiku. Musanatchule dzina la mnansi wanu, yambani mwafunsa kuti wodwalayo amagona maola angati.

Kwa khanda ulendo wa tulo ndi waufupi, pafupifupi mphindi 50 mpaka 60, choncho kudzukadzuka kwake pakokha si umboni woti mkaka wa mayi ndi wochepa. Kleitman ankaganizanso kuti mphindi 90 zomwezi zimapitirira masana, n'kumakweza ndi kutsitsa chidwi cha munthu, koma umboni wa zimenezi ndi wofooka poyerekeza ndi wa tulo.

Tsopano nthawi zazitali. Abambo, musayang'ane pansi, nkhani ya msambo imakhudza nyumba yonse. Ambiri amatchula masiku 28, koma kwa mayi wamkulu masiku 21 mpaka 35 ndi abwinobwino. Amene amayendetsa zimenezi ndi mahomoni, timadzi timene timauza ziwalo zochita, ochokera ku ubongo ndi kumabasiketi a mazira, ndipo dzira limatuluka pafupifupi masiku 14 msambo wotsatira usanayambe, osati nthawi zonse pa tsiku la 14 kuchokera pa umene wapita, n'chifukwa chake kulera powerenga masiku kokha kumagwiritsa mwala mabanja ambiri. Sabata yomaliza msambo usanayambe, mahomoni a estrogen ndi progesterone amatsika, ndipo amayi ena amapsa mtima msanga, amatopa, amagona movutikira kapena kukhumudwa popanda chifukwa chooneka. Kwa ambiri zimenezi n'zopiririka, koma kwa ochepa zimakula mpaka kusokoneza ntchito ndi banja, ndipo pamenepo ndi matenda enieni amene ali ndi thandizo. Komabe, abambo, izi sizikupatsani ufulu wonyalanyaza dandaulo la mayi pongonena kuti ali kumwezi, pakuti ndalama ya ufa ikasowa yasowa basi, kaya ndi tsiku lanji.

Mwina munamvapo kuti atsikana ogona chipinda chimodzi amayamba kusamba nthawi imodzi. Martha McClintock analemba zimenezi mu 1971 ataona ophunzira a pa koleji ya Wellesley ku America, koma ofufuza ambiri amene anabwera pambuyo pake sanapeze umboni wokhutiritsa, ndipo anaona kuti masiku a anthu awiri amatha kukumana mwangozi kenako n'kusiyananso.

Palinso nthawi ya chaka. Mu 1984, Norman Rosenthal ndi anzake anafotokoza za matenda a kukhumudwa amene amabwera m'nyengo yozizira m'mayiko amene dzuwa limasowa, ndipo amachiritsidwa ndi kuwala kwa nyali zapadera. Kuno ku Lusaka usana umatenga pafupifupi maola 11 mu June ndi 13 mu December, kusiyana kochepa, choncho kulemera kwa mtima kwa mu January ine ndimakuona kuti kumachokera kwambiri ku fizi ndi mtengo wa ufa. Koma ana anu amene ali ku London amaona usana wosakwana maola 8 mu December, ndipo akakuuzani pa foni kuti alibe mphamvu, akungogona ndi kudya, musathamangire kuwanena kuti ayamba matama.

Amayi amene mukuganiza kuti kukhumudwa kwanu kumayendera msambo, lembani pa kalendala tsiku lililonse m'mene mukumvera kwa miyezi iwiri, kenako mupite nayo ku kiliniki, chifukwa dokotala amafuna kuona ngati vutolo limachokadi msambo ukayamba. Likapanda kuchoka, ndiye kuti gwero lake ndi lina, ndipo akhoza kukutumizani kwa akatswiri a zamaganizo, monga a ku chipatala cha Chainama. Tsopano ndilandire mafunso, tiyambe ndi mbali ya amayi.