Pinocchio: chidole chimene ana anakana kuti chife

Takulandirani, owonera. Mukamva dzina lakuti Pinocchio, ambiri mumakumbukira kachidole kamtengo komwe mphuno yake imatalika kakanama. Koma kodi mukudziwa kuti mwini nkhaniyi anakapha kachidoleka nkhani isanafike ndi pakati pomwe?

(Chithunzi: mzinda wa Florence, ku Italy)

Wolembayo anali Carlo Lorenzini, wobadwira ku Florence mu 1826. Dzina lakuti Collodi, lomwe anatchuka nalo, analitenga ku mudzi wa kwawo kwa mayi ake. Anali mtolankhani wa pakamwa pakuthwa, wokonda kutonza andale, ndipo anadzipereka kukamenya nawo nkhondo zomasula Italy mu 1848 ndi mu 1859. Zolembera ana anaziyamba atakula kale.

Pa 7 Julayi 1881, nyuzipepala ya ana yotchedwa Giornale per i bambini inayamba kusindikiza nkhani yake pang'onopang'ono. Pofika mutu wa 15, mu Okutobala chaka chomwecho, akuba awiri, Nkhandwe ndi Mphaka, anali atamukoleka Pinocchio pa nthambi ya mtengo, chingwe m'khosi, pofuna ndalama zagolide zomwe anabisa m'kamwa. Collodi anasiyira pomwepo, kuyesa wamaliza. Owerenga sanalole. Nkhani inayambiranso mu Febuluwale 1882, ndipo mtsikana wa tsitsi la buluu, wa mphamvu zodabwitsa, anatuma zoti akamutsitse. Buku lathunthu la mitu 36 linatuluka mu 1883. Collodi, yemwe analibe mwana, anamwalira mu 1890 asanaone kutchuka kwenikweni kwa bukuli.

(Chithunzi: kachipinda ka Geppetto)

Tsopano tilowe m'bukumo, chifukwa muli zambiri zomwe mafilimu anazisiya. Chachikulu ndi njala. Geppetto, nkhalamba yomwe inasema chidolechi, ndi wosaukitsitsa. M'nyumba mwake moto ndi wojambula pakhoma, mphika wowira pamotowo nawonso wojambula. Atamupatsa Pinocchio zipatso zitatu, zomwe zinali kadzutsa wake iye mwini, mwanayo anayamba kunyada, kukana makoko ndi njere. Posakhalitsa anadya zonse, mpaka makoko omwewo. Kuti amugulire buku la kusukulu, Geppetto anagulitsa jekete lake limodzi lomwelo, kunja kukuzizira koopsa. Pinocchio uja? Tsiku loyamba lomwe anagulitsa bukulo kuti akaonere sewero la zidole.

Zimenezi sizinachokere m'mutu mokha. Italy inali itangogwirizana kukhala dziko limodzi mu 1861, anthu ambiri osadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo mu 1877 boma linakhwimitsa lamulo lakuti ana azipita kusukulu. Kwa banja losauka, mwana kusukulu kunali kutaya manja ogwira ntchito. Ndiye mukamva za Dziko la Zoseweretsa, komwe anyamata othawa sukulu amasanduka abulu n'kugulitsidwa pamsika, dziwani kuti Collodi ankaopseza ana ndi moyo womwe ankauona: wosaphunzira adzasenza katundu wa ena.

Nanga mphuno ija? Imangotenga timasamba tochepa. Tsiku lomwe inatalika mpaka kulephera kutuluka pakhomo, mbalame zogogoda mitengo zinabwera kudzaijompha mpaka inabwerera mwakale. Nkhululu yopereka malangizo ija, yomwe filimu ya Disney ya 1940 inaiveka chipewa n'kuinyamulitsa ambulera, m'buku Pinocchio anaigenda ndi hamala n'kuiphwanyira kukhoma pa mutu wa 4 pomwe. Ndipo pali malo ena amene ine ndimawakonda kuposa onse: Pinocchio ataberedwa ndalama zake anakadandaula kukhoti, woweruza ali chinyani chokalamba. Chinamvetsera mwachifundo ndithu, kenako n'kulamula kuti wobedwayo akalowe m'ndende. Anakhalamo miyezi inayi. Apa ndi mtolankhani uja akulankhula, ndipo akuluakulu ndi omwe amaseka kwambiri.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi sikalamba? Mmene ndimaonera, Collodi ankafuna kulangiza ana, koma mtima wake unali kwa mwana wosamverayo. Pinocchio akamalonjeza kuti asintha, sanama ayi, amanenadi kuchokera pansi pa mtima. Kungoti akamva nyimbo panjira, lonjezo lija layiwalika. Mwana aliyense amadzizindikira pamenepo, ndipo kholo lililonse limene linadzimanapo kuti lilipire fizi limamumvetsa Geppetto popanda wofotokoza.

Taonaninso chomwe chinamusandutsa munthu. Si kusiya bodza. Atatulutsa bambo ake m'mimba mwa chinsomba chachikulu, nkhalambayo inali yofooka. Pinocchio anayamba ganyu kwa mlimi wina, kutunga ndowa 100 za madzi kuti apatsidwe kapu imodzi ya mkaka wa bambo ake. Anachita zimenezi tsiku ndi tsiku kwa miyezi isanu, kwinaku akuluka madengu ogulitsa, usiku n'kumaphunzira kulemba.

Opanga mafilimu akulimbanabe ndi mathero amenewa. Mu 2022 Guillermo del Toro anasamutsira nkhaniyi ku nthawi ya ulamuliro wankhanza wa Mussolini ku Italy, pomwe kumvera kunali koopsa kuposa kusamvera, ndipo Pinocchio wake anakhalabe wamtengo mpaka kumapeto. Filimuyo inapata mphoto ya Oscar mu 2023.