Panther's Rage: Komiki ya 1973 Imene Inabala Killmonger

[Pa sikirini: chikuto cha Jungle Action nambala 6]

Moni nonse. Ambiri a inu munaonera filimu ya Black Panther ya 2018, ndipo mukukumbukira pamene Killmonger anamuponya T'Challa pa mathithi. Chochitika chimenechi chinayamba kujambulidwa papepala mu 1973, m'komiki ya kampani ya Marvel yotchedwa Jungle Action, nambala 6. Lero tikambirana nkhani imene inayambira pamenepo, Panther's Rage, yomwe inatha pa nambala 18 mu 1975.

Black Panther, yemwe dzina lake lenileni ndi T'Challa, anamupanga ndi Stan Lee ndi Jack Kirby, ndipo anaonekera koyamba m'komiki ya Fantastic Four nambala 52, mu 1966. Kwa zaka zingapo ankangokhala mlendo m'nkhani za ena, makamaka m'gulu la Avengers ku America. Nthawi imeneyo Jungle Action inkangobwereza nthano zakale za m'ma 1950, za azungu olamulira nkhalango za mu Africa, anthu akuda atangoima kumbuyo kudikira kupulumutsidwa. Don McGregor, amene ntchito yake ku Marvel inali yowerenga masamba n'kukonza zolakwika, anadandaula nazo. Akuluakulu anamupatsa komikiyo kuti alembemo nkhani za Black Panther.

McGregor anamubweza T'Challa kwawo. Nkhani yonse ikuchitikira ku Wakanda, dziko longopeka la mu Africa, ndipo pafupifupi aliyense amene ali m'menemo ndi munthu wakuda, chinthu chosowa kwambiri m'makomiki a ku America a nthawiyo.

[Pa sikirini: masamba a ndewu ya pa mathithi]

Apa ndi pamene pali mtima wa bukuli. T'Challa ndi mfumu imene inasiya anthu ake n'kukatha nthawi kunja. Pobwera akupeza midzi ikuwotchedwa, anthu akuphedwa, ndipo ngakhale nduna zake zikumuyang'ana ndi diso lokayika. W'Kabi, mkulu wa chitetezo, sakumubisira mawu. T'Challa wabweranso ndi chibwenzi chake, Monica Lynne, woimba wa ku America, amene anthu a kunyumba yachifumu sakumulandira. Funso limene likumutsata tsamba lililonse ndi loti: munali kuti, mfumu, pamene ife tinkavutika?

Erik Killmonger wa m'komiki si mbale wake wa T'Challa monga zilili mu filimu. Ndi mbadwa ya Wakanda, dzina lake lenileni ndi N'Jadaka, anakulira ku America ali ndi chidani mumtima, ndipo wabwera kudzalanda ufumu. Chimene ndimachikonda kwambiri n'chakuti McGregor sakuthera nthawi yonse pa amuna awiri amphamvuwa. Akutitengera kwa alimi, kwa mayi wamasiye, kwa mnyamata Kantu amene bambo ake aphedwa ndi anthu a Killmonger. M'makomiki ambiri a ngwazi nyumba zimagwa koma maliro sitiwaona. Muno maliro alimo, ndipo olira ali ndi mayina. Kantu mumuyang'anitsitse. Sindikuululirani mathero, koma mwana ameneyu sanamuikemo pachabe.

T'Challa nayenso amavulala zenizeni. Akulimbana ndi chipembere, mimbulu, mpaka madayinoso, ndipo nthawi zambiri akutuluka chovala chili nsanzansanza, magazi ali chuchuchu, akuyenda motsimphina.

[Pa sikirini: masamba ojambula a Billy Graham]

Zojambula anayamba ndi Rich Buckler, Gil Kane anajambula nambala 9, kenako Billy Graham anatenga udindo kuyambira nambala 10. Musamusokoneze ndi mlaliki uja. Graham wojambulayu anali mmodzi mwa ojambula akuda ochepa kwambiri amene ankagwira ntchito ku Marvel, ndipo anali atajambulako komiki ya Luke Cage, ngwazi ina yakuda. Taonani mmene akujambulira thupi la munthu wotopa, minofu ikukokana, nkhope ikuonetsa ululu. Onaninso masamba oyamba a magawowa, pamene mutu wa nkhani walukidwa m'chithunzi chenicheni, m'miyala kapena m'madzi.

Zofooka zilipo ndithu. McGregor amakonda mawu mopitirira. Pali masamba amene chithunzi chanena kale zonse, koma iye akuwonjezerabe ndime pamwamba pa ndime mpaka maso kulema. Chachiwiri, Africa wa m'bukuli ndi wa m'maganizo a anthu a ku New York. Mikondo, zikopa za nyama, chigwa cha madayinoso, adani a maonekedwe oopsa ngati Baron Macabre ndi King Cadaver, zonsezi wowerenga wa kuno aziona kuti n'zochokera kutali. Ine zimandikhumudwitsa pena ndi pena. Komabe anthu a Wakanda muno amatsutsana, amakondana, amachita nsanje, amasemphana pa za chikhalidwe ndi zamakono, ndipo palibe mlendo wobwera kudzawathetsera mavuto awo.

Magawo onse 13 anasindikizidwanso m'buku limodzi la Marvel Epic Collection lokhala ndi dzina lomweli, Panther's Rage. Mukalipeza musalimeze tsiku limodzi. Poyamba linkatuluka gawo limodzi pa miyezi iwiri iliyonse, ndiye kuchuluka kwa mawu kuja kunkapiririka. Werengani gawo limodzi madzulo alionse, ndipo mukafika nambala 17 mudzandiuze mmene mwamuonera Kantu.