Makalata a omvera: digiri ya pansi pa sutikesi

Moni nonse amene mwatchera khutu usiku uno, a ku Yeoville, Rosettenville, Tembisa mpaka ku Diepsloot. Sabata yatha tinakamba za mpikisano wa mayiko pa sayansi ndi luso lamakono, ndiye thumba lathu lachita kusefukira.

Ndiyambe ndi amayi a ku Turffontein, kwawo ku Mangochi. Akufunsa ngati n'zoona kuti dziko lino la South Africa lili ndi makina omvetsera nyenyezi. N'zoona amayi. Dzina lake MeerKAT, zimbale zikuluzikulu 64 zimene zili ku chipululu cha Karoo, kufupi ndi Carnarvon, ndipo anazitsegulira mu 2018. Zimatola mafunde a wailesi ochokera kutali mlengalenga. Koma mtima m'malo, nkhani za m'khitchini mwanu sizikuzimva.

Tsono pali kalata iyi, imene yandisowetsa tulo. Mvetserani.

"Achimwene a pa wailesi, ndine mnyamata wa zaka 31, kwathu ku Ntcheu. Ndinaphunzira za magetsi ku yunivesite zaka zisanu. Mayi anagulitsa mbuzi ndi kachewere kuti ndimalize. Ndinayenda ndi envulopu zaka zitatu, ntchito osaiona. Lero ndimakonza mafoni pa katebulo kufupi ndi Park Station. Digiri yanga ili pansi pa sutikesi, ndinaikulunga m'jumbo kuopa chinyezi. Mlongo wanga ali Fomu 3, amakonda Physics, akuti akufuna adzakhale ngati ine. Ndimuuze chiyani? Mukuti dziko lipikisane ndi anzake, lipikisana bwanji pamene ife tili kuno?"

Achimwene, pepani. Ndawerenga katatu, ndipo pa jumbopo ndi pamene pandibaya. Matebulo amenewo ndimawadziwa. Mwezi watha foni yanga inagwera m'madzi, ndinapita nayo kwa mnyamata wina mkati mwa tauni momwemo. Anaitsegula, n'kuika galasi lokuzira zinthu padiso, n'kuyamba kuwotcherera kawaya koonda ngati tsitsi, mataxi akuliza hutala kumbuyo kwake, dzanja osanjenjemera ngakhale pang'ono. Ndinaima n'kumadzifunsa kuti manja amenewa akanakhala mu labu ku Blantyre bwenzi akupanga chiyani. Mwina munali inu.

Chimene sindingavomere ndi choti Amalawi nzeru tilibe. William Kamkwamba wa ku Kasungu anasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ija, koma mu 2002 anapanga makina a mphepo opangira magetsi ndi njinga yakutha komanso zitsulo za kudzala, ataona m'buku la mu laibulale. Katemera woyamba wa malungo, RTS,S, atayamba kuperekedwa kwa ana mu April 2019, dziko loyamba linali Malawi, Ghana ndi Kenya anabwera pambuyo. Makina a Pumani, othandiza makanda kupuma, anayesedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mogwirizana ndi a Rice University a ku America. Ku Kasungu komweko mu 2017 kunatsegulidwa malo oyeserako ma drone. Mitu ilipo ndithu.

Chosowa ndi dothi loti mbewuyo imerepo. Mayiko a mu Africa anagwirizana mu 2006 kuti pa ndalama 100 zilizonse zimene chuma cha dziko chapanga, imodzi izipita ku kafukufuku. Imodzi yokha! South Korea amaikako zoposa zinayi, n'chifukwa chake mafoni a Samsung amene mumatsegula tsiku ndi tsikuwo anabadwira kwawo. South Africa yemwe, ndi bungwe lake la kafukufuku la CSIR ku Pretoria limene lakhalapo kuyambira 1945, imodziyo sanaifikebe. Ndiye onjezanipo magetsi. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, kumudzi kunachoka pafupifupi mamegawati 130 tsiku limodzi, anthu n'kukhala mumdima miyezi. Fakitale iti ingalembe injiniya ntchito makina ake atazima? Digiri yanu si imene inalephera, achimwene.

Ndipo bala lothawidwa ndi ana ophunzira si lathu lokha. Allan Cormack, mmodzi mwa amene anatsegula njira ya makina a CT scan aja mumajambulidwa nawo kuchipatala, anabadwira mu Johannesburg muno, koma mphoto ya Nobel anailandira mu 1979 ali nzika ya America. Sydney Brenner anabadwira pa Germiston pomwepa, anaphunzira ku Wits, ntchito imene inamupatsa Nobel mu 2002 anakaigwirira ku Cambridge. Mwana amathamangira kumene kukufuka utsi. Dziko lofuna kupikisana liyambe lasonkha moto pakhomo.

Tsono za mlongo wanuyo. Chonde, musamugwetse ulesi. Physics si imene inakufikitsani pa katebulo, ndi imene ikukudyetsani pa katebulopo, ndipo ndi imene mukumulipirira nayo fizi. Muuzeni zoona zonse, zowawa zomwe, koma mumuuzenso kuti ku Thyolo kuli MUST, yunivesite ya sayansi ndi luso lamakono, imene inayamba kulandira ophunzira mu 2014, ndipo atsikana pa sayansi akufunika kwambiri. Inuyo pano ndikudzudzuleniko pang'ono. Pepala limenelo litulutseni m'jumbo. Kuno kuli bungwe la SAQA limene limaunika masatifiketi a kunja n'kunena kuti akufanana ndi ati a dziko lino, ndipo mainjiniya amalembetsa ku ECSA. Njirayo ndi yaitali, imafuna ndalama ndi mapepala okhalira kuno olongosoka, sindikunamizani. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kafunseni, mudzatilemberenso.

Pakuti tafika apa, ndilankhule ndi ife tonse matchona ndi obwera kumene. Makalata asanu sabata ino akudandaula chinthu chimodzi: ana a ku CDSS akulemba MSCE asanagwirepo botolo la mu labu, zonse aphunzitsi amangojambula pabolodi ndi choko. Mukunena zoona, ndipo udindo waukulu ndi wa boma, tisaleke kulikumbutsa. Komabe taimani pa Park Station tsiku limene mabasi a kumudzi akunyamuka muone zimene tikutumiza. Mabulangete, ma TV otalika ngati chitseko, masipika ogwedeza mudzi wonse. Ndi angati a ife amene tinaponyamo kakyuleta ya sayansi kapena buku la Chemistry? Magulu athu a maliro ndi amphamvu, mnzathu akatisiya thupi limafika kwawo mwaulemu, ndipo ndimanyadira zimenezo. Nanga gulu lomwelo litati kamodzi pachaka ligule maikulosikopu imodzi ya sukulu ya kumudzi kwathu, chingavute n'chiyani? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, abale anga.

Tipite kwa abambo a ku Hillbrow, kwawo ku Mzimba. Akuti asayansi a kuno analakwitsa kulengeza za Omicron, mtundu watsopano wa kachilombo ka COVID-19, mu November 2021, chifukwa America ndi Britain anatseka ndege, Malawi yemwe n'kulowa m'gulu la otsekeredwa. Abambo, mkwiyo wanu ndikuumva, ambiri Khirisimasi imene ija tinaidyera kuno tisakufuna. Koma asayansi a ku Botswana ndi South Africa anaona kachilomboko msanga chifukwa cha luso, ndipo anachita bwino kunena. Analakwa ndi amene analanga wokuwa kuti nyumba ikupsa.

Achemwali a ku Kempton Park, mukuti mwana wanu wa Giredi 10 akufuna kusiya Maths atenge Maths Literacy chifukwa ndi yophweka. Ngati akulota za uinjiniya asasiye, ku yunivesite amafuna Maths yeniyeni. Kaonaneni ndi aphunzitsi ake chaka chisanathe.

Malume a ku Alexandra, moni wanu kwa onse a ku Nkhata Bay wafika, koma funso lanu la mtengo wa data lidikire Lachinayi likudzali, nthawi yatithera. Achimwene a pa katebulo, nyimbo ikubwerayi ndi yanu ndi mlongo wanu.