Kuyeza kuwala pojambula mumsewu dzuwa likuswa mtengo

Mphwanga, ndaziona zithunzi zako za ku Limbe zija. Anthu unawagwira bwino, makamaka mayi wa nthochi uja, koma taona duku lake ndi khoma lakumbuyo kwake: zayera mbuu, maluwa a pansalu sakuoneka n'komwe. Vuto lagona pa kayezedwe ka kuwala, ndiye tamvera.

Mita ya m'kamera, ija imayeza kuwala, siidziwa chomwe ukujambula. Iyo imangofuna kuti chilichonse chituluke chotuwa pakatikati, chija amati 18% grey. Ukailoza pakhonde la sitolo pomwe pali mthunzi, imayesa kuti kwada, n'kulowetsa kuwala kwambiri, basi msewu wonse wapadzuwa wapsa. Ngakhale nkhope zathuzi zimaisokoneza. Ukaika spot metering, ija imayeza kuwala pakadontho kamodzi, patsaya la munthu wakuda n'kusiya mita pa ziro, kamera imamuwalitsa mopitirira muyeso, shati yake yoyera n'kupseratu.

Ndiye mawa uchite chonchi. Pa mtundu wa fayilo ya chithunzi, chotsa JPEG, ika RAW. JPEG imasunga ma bit 8, pamene RAW imasunga 12 kapena 14, choncho mumthunzi mumatsala zambiri zoti ukazidzutse pa kompyuta. Koma choyera chikapsa chapsa, ngakhale pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom singachibweze. Mfundo imeneyi uigwiritse, wamva?

Kamera ika pa A, ya Canon ndi Av, pomwe iwe umasankha kukula kwa kabowo ka lens kolowetsa kuwala, kamera n'kusankha liwiro la shutter. Kabowoko tseka pa f/8, ISO (mphamvu yomwe kamera imamvera kuwala) pa Auto, ndipo uiuze kuti shutter isatsike kupitirira 1/250, chifukwa akabaza ndi ovenda sakudikira iwe. Metering isiye pa Matrix, ena amati Evaluative, ija imayeza kuwala kwa chithunzi chonse. Kenako kagudumu kowonjezera kapena kuchepetsa kuwala, ka exposure compensation, kabweze pa -2/3. Mukalowa minibasi yoyera kapena malata atsopano m'chithunzimo, pita pa -1.

Sikirini usaikhulupirire, padzuwa imanamiza. Yatsa highlight alert, zija zimaphethira pamalo popsa. Zikamaphethira pagalasi la galimoto, palibe kanthu, zisiye. Zikaphethira pamphumi pa munthu kapena pachovala chake, tsitsa msanga. Uzisuzumiranso histogram, galafu yoonetsa kuda kumanzere ndi kuwala kumanja: kaphiri kaja kayandikire khoma lakumanja, koma kasakwere pakhomapo.

Tsopano chomwe ndimakonda ine ndi ichi. Ukapeza mpata pakati pa nyumba ziwiri pomwe dzuwa lagwa ngati kampita, ima pomwepo, usayendeyende. Pita pa Manual. Dzuwa likawala bwino, ISO 100, f/16 ndi 1/100 zimagwirizana, amati Sunny 16. Ukatsegula pa f/8, shutter ikhale 1/400. Jambula khoma kamodzi, uone ngati lapsa, ukonze, kenako ingodikira. Munthu akatuluka pakhonde n'kulowa m'kuwalamo, dina. Pakati pa dzuwa ndi mthunzi wa khonde pamatha kukhala ma stop 3 kapena 4 (stop imodzi ndi kuwala kowirikiza kawiri), ndiye zakumbuyo zida bii. Zisiye zide. Mdima umenewo umabisa zikwangwani ndi zinyalala, maso onse n'kupita pamunthuyo. Ukakafika pa kompyuta usakokere shadows, kowalitsira mthunzi kaja, mpaka 100, khungu limatuwa ngati phulusa ndipo timadontho tonga mchenga, tija amati noise, timatulukira.

Eya, china, uzipereka moni kwa amene ukuwajambula pafupi, akakana uwasiye. Ulawirire, ufike cha m'ma 7 koloko dzuwa lisanakwere, kapena upite 4 koloko itadutsa. Ukabwerako unditumizire ma RAW asanu pa Google Drive, osati pa WhatsApp ngati zithunzi wamba chifukwa amazifinya, tidzaone limodzi pomwe papsa.