Kuthira polyurethane m'mbali mwa ski ndi snowboard zopanga wekha

[Chithunzi: munthu akutsetsereka paphiri loyera mbee]

Takulandirani nonse. Lero tili kumayiko ozizira, ku Canada, ku America, ku Japan ndi kumapiri a Alps, kumene anthu amatsetsereka pa chipale chofewa atakwera ski kapena snowboard. Amene muli ku Joni mwina munamvapo za Afriski, kumapiri a Lesotho, komwe masewerawa amachitika m'miyezi yozizira. Kumayiko amenewa kuli amisiri ena omwe sagula zida zimenezi m'sitolo, amadzipangira okha m'galaja mwawo. Ndipo gawo limene limawasowetsa tulo kwambiri ndi la m'mbali mwa thabwalo.

[Chithunzi: thabwa lodulidwa pakati, zam'kati zikuoneka]

Taonani apa. Ski imaoneka ngati thabwa limodzi, koma ndi zinthu zingapo zosanjikizana. Pansi penipeni pali pulasitiki yoterera imene ambiri amangoitchula kuti P-Tex, ndipo m'mphepete mwake muli tizitsulo takuthwa toluma pa ayezi. Pamwamba pake pamabwera nsalu ya fiberglass, kenako mtima wa thabwa, wa mitengo ngati poplar, ash, maple kapena nsungwi, kenako nsalu ina ndi chikuto chokongoletsa. Zonsezi zimamatidwa ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy n'kupanikizidwa m'makina.

Tsono mtima wa thabwawo ukasiyidwa poyera m'mbali umamwa madzi, umafufuma, zosanjikizana zija n'kuyamba kumatuka. Ndiye pamafunika kakhoma kotchinga, komwe eni ntchito amati sidewall. Kakhomaka kamachirikizanso chitsulo chija chikagunda mwala wobisika m'chipale.

Njira yomwe ambiri anazolowera ndi kumata timizere ta pulasitiki ya ABS kapena UHMW m'mbali mwa thabwa. Imagwira ntchito ndithu, koma pulasitiki imeneyi, makamaka UHMW, siikonda guluu. Uyenera kuikwecha kaye, kuidutsitsa pamoto wa gasi mosamala, ndipo ukalakwitsa pang'ono imadzamatuka uli paphiri. Nthawi zina imasomphoka ukuyendetsa thabwa m'makina opalira. Komanso kutsogolo ndi kumbuyo, kumene thabwa limazungulira, pamakhala polumikiza, ndipo madzi amalowera pomwepo.

[Chithunzi: makina akukumba ngalande pathabwa]

Njira yothira polyurethane, mtundu wa pulasitiki umene umathiridwa uli wamadzimadzi kenako n'kuuma, imathana ndi zonsezi nthawi imodzi. Thabwa lisanapalidwe, likadali lochindikala, mumajambulapo maonekedwe a ski yanu, n'kukumba ngalande ndi makina osemera matabwa otchedwa router potsata mzerewo. Ngalandeyo ikhale yotakata moti mbali ina ilowe m'kati mwa mzere, ina itsale kunja kuti idzadulidwe pomaliza. Musaboole mpaka pansi, siyani kathabwa kopyapyala koti kagwire zothirazo. Kenako mumasakaniza polyurethane yamadzimadzi, yomwe imabwera m'zigubu ziwiri, A ndi B, n'kuithira m'ngalandemo. Ikauma mumapala thabwa lonse kuti likhale lochindikala pakati, lopyapyala kumapeto. Chotsala ndi khoma lozungulira popanda polumikiza paliponse, logwirana ndi mtengo weniweniwo.

Ine njira imeneyi ndimaikonda, ndipo chifukwa chake si kukongola kokha. Polyurethane ndi yomwe amapangira mateyala a skateboard, kathabwa kamateyala kotsetserekera pamsewu. Imameza kunjenjemera, ndipo ikagundidwa imabwerera m'malo mwake. Kampani ya Ride inatchuka ndi ma snowboard okhala ndi makoma a mtundu umenewu, omwe inawatcha Slimewalls.

Koma si polyurethane iliyonse yoyenera. Kulimba kwake amakuyeza ndi muyeso wa Shore: A ndi wa zofewa ngati labala, D ndi wa mapulasitiki olimba. Mateyala ambiri a skateboard amakhala pakati pa 78A ndi 101A. Mukasankha yofewa kwambiri, chitsulo cha m'mphepete chimasowa potsamira, ndiponso imavuta kupala chifukwa imatafunika m'malo modulidwa bwino. Mukasankha yolimba kwambiri, yopangira zidole zoumba, ikhoza kusweka kukazizira. Funani yolimba koma yopindika, ndipo werengani pepala la wopanga musanagule.

[Chithunzi: khoma lodzaza timabowo tating'onoting'ono]

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene ntchito ya anthu ambiri imaonongekera. Mdani wa polyurethane ndi chinyezi. M'chigubu chimodzi mwa ziwiri zija muli mankhwala otchedwa isocyanate. Akakumana ndi madzi, ngakhale ochepa kwambiri, amatulutsa mpweya wa carbon dioxide, ndipo mpweyawo umasanduka thovu m'kati mwa zothira zanu. Umu ndi momwenso amafufumitsira siponji ya matiresi amene timagonera. Ku fakitale ya matiresi thovulo amalifuna, koma pa ski khoma lokhala ndi timabowo ndi khoma lofooka, lolowa madzi.

Nanga madziwo amachokera kuti? M'thabwa momwemo. Mtengo, ngakhale wooneka wouma gwa, umasunga chinyezi. Choncho amisiri odziwa amaumitsa thabwa pamalo ofunda asanathire, ndipo ambiri amapaka epoxy pang'ono m'ngalandemo kuti itseke timaso ta mtengo. Posakaniza gwiritsani ntchito kapu ndi chotakasira cha pulasitiki kapena chitsulo, osati kamtengo kapena kapu ya pepala. Musathire tsiku lamvula kapena lankhungu. Zigubu muzitseke msanga mukangotunga, chifukwa mankhwalawa amakoka chinyezi cha mumpweya. Utoto nawo ukhale wopangidwira polyurethane, wosakhala wamadzi.

Zina ndi zachangu. Yezani pa sikelo molingana ndi zomwe wopanga walemba, osati mongoyerekeza ndi maso. Tebulo likhale pa levulo, apo ayi zothira zonse zidzathawira mbali imodzi. Konzekerani zonse musanasakanize, poti mitundu ina imayamba kulimba m'mphindi zochepa chabe. Thirani kamtsinje kopyapyala kuchokera m'mwamba pang'ono kuti thovu la potakasa liphulike, ndipo amene ali ndi makina okoka mpweya achotseretu thovulo. Ikauma, ikwecheni ndi sandipepa n'kupukuta fumbi lonse musanaike epoxy ndi fiberglass, chifukwa pamalo osalala epoxy siigwira.

Chonde, dzitetezeni. Isocyanate imatha kuyambitsa mphumu, ndipo thupi likayamba kudana nayo vutolo limatha kukhala la moyo wonse. Valani magolovesi, magalasi ndi chophimba kumphuno choyenera mankhwala, osati kansalu wamba, ndipo tsegulani zitseko ndi mazenera. Ana akhale kutali.

[Chithunzi: kathabwa kakang'ono kakutulutsidwa m'filiji]

Musanakhudze thabwa lanu lenileni, tengani kachidutswa ka mtengo womwewo, kumbani kangalande, thirani, dikirani kaume bwinobwino. Kenako kaikeni mufiliji youmitsa, yomwe imafika pa madigiri 18 kutsika pa ziro, kagone momwemo usiku wonse. M'mawa kapindeni, kamenyeni ndi hamala. Pakasweka polyurethane, sinthani mtundu. Ikamatuka n'kusiya thabwa lili losalala, bwererani ku kaumitsidwe ndi kakonzedwe ka ngalande. Koma mtengo ukang'ambika khoma likadali logwira, tengani router muyambe kukumba.