Kunenepa kwambiri: gawo la boma ndi gawo lathu

Zikomo a mfumu, a nduna, amayi ndi abambo nonse. Amene muli kumbuyoko, mukundimva? Chabwino.

Kwa zaka zambiri, ife a zaumoyo tikabwera kuno timakamba za ana onyentchera, za phala ndi za sikelo. Nkhani imeneyo siinathe ayi. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti amayi 21 mwa amayi 100 aliwonse ali ndi thupi lopitirira muyezo, ndipo m'matauni chiwerengerocho n'chokwera kuposa kumudzi. Nyumba imodzi, mwana wopinimbira, mayi wa matenda a shuga. Ndi mmene zilili tsopano.

Ndikudziwa zimene zili m'mitima mwanu. Kwathu kuno mkazi akanenepa timati mwamuna akumusamala, bambo akatulutsa mimba timati ndalama zamuyanja. Ndipo tonse tikukumbukira zaka zija pamene munthu akangoonda, anthu ankayamba kunong'onezana za kachilombo. Mantha amenewo adakalipo. Alipo amayi amene adokotala anawauza kuti achepetse thupi, koma akuopa pakamwa pa anzawo ku chitsime. Ine sindiwadzudzula. Koma mafuta akachuluka, makamaka a pamimba, amabweretsa shuga, BP, sitiroko ndi kuphwanya kwa mawondo, ndipo shuga ndi BP mankhwala ake ndi a moyo wonse.

Ndiye boma likubwera pati? Ena amati kudya n'kwa mwini, boma lisalowerere. Koma taganizani, ndani amalola chakumwa kuti chigulitsidwe? Ndani amaika msonkho? Ndani amanena zoyenera kulembedwa pa botolo?

Anzathu a ku South Africa anayamba pa 1 April 2018 kudula msonkho pa zakumwa zotsekemera. Anaukonza mwanzeru. Magalamu 4 oyamba a shuga pa mamililita 100 aliwonse salipiritsa, koma galamu iliyonse yopitirira pamenepo kampani imalipira. Mukuona cholinga chake? Sikungokweza mtengo kuti wosauka alephere kugula ayi. N'kuuza kampani kuti ukachepetsa shuga, msonkho wako uchepanso. Ndipo makampani ambiri anachepetsadi, anthunso anayamba kugula shuga wochepa kudzera m'zakumwa. Koma alimi a nzimbe anadandaula kuti ntchito zikutha, mpaka boma linazengereza kukweza msonkhowo. Apa tisanamizane, ifenso tili ndi abale ku Nchalo ndi ku Dwangwa amene amadya za nzimbe. Lamulo lotere likamakambidwa, iwowo ayenera kukhala nawo pa bwalo. Komabe maganizo anga ndi akuti ntchito ya mlimi tingaiteteze m'njira zina, pamene mwendo wodulidwa chifukwa cha shuga subwereranso.

Dziko la Chile linatenga njira ina mu 2016. Chakudya cha m'paketi chikakhala ndi shuga, mchere kapena mafuta ambiri, kutsogolo kwake amadindapo chizindikiro chakuda chachikulu, choti ngakhale agogo osawerenga achione. Zakudya za chizindikirocho saloledwa kuzigulitsa pa sukulu, komanso saloledwa kuzitsatsa kwa ana ndi tizithunzi tokopa tija. Imeneyi ndiyo ndimaisirira kwambiri, chifukwa pitani pa geti la sukulu nthawi ya buleki muone zimene ana athu akugula.

Kwathu kuno boma linalamula kuti mu shuga aziikamo vitamini A, chifukwa ana ambiri ankasowa vitaminiyu ndipo shuga amalowa pafupifupi nyumba iliyonse. Ndi lamulo labwino. Koma ndamvapo ena akuti, "Thirani wambiri, muli mavitamini." Ayi, amayi. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, limati munthu wamkulu asapitirire masipuni aang'ono a shuga pafupifupi 12 patsiku, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera limatha kukhala ndi masipuni 8 kapena kuposa. Onjezani tiyi wa m'mawa, Sobo wa masana, mandasi awiri. Vitamini A alinso mu mbatata yofiira mkati, m'maungu, m'mapapaya, mu bonongwe ndi nkhwani. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi amaphunzitsa aja si a ana okha.

Pa za chithandizo, chimene ndikufuna kuti muzichifunsa ndi ichi. Mukapita kuchipatala, ngakhale mwapitira malungo, pemphani kuti akuyezeni kulemera, msinkhu ndi BP. Akawerengera kulemera ndi msinkhu pamodzi amapeza nambala yotchedwa BMI. Ikafika 25 thupi lapitirira, ikafika 30 ndiye kunenepa kumene tikunenaku. Musataye mtima mukamva nambala yaikulu. Munthu wa makilo 90 akatsitsa makilo 5 kapena 6 okha, BP ndi shuga zimayamba kumvera. Chepetsani mitanda ya nsima, bwererani ku mgaiwa, chulutsani ndiwo zamasamba, ndipo mtunda waufupi yendani pansi m'malo mokwera kabaza. Tiyi wochepetsa thupi wogulitsidwa pa WhatsApp uja musiyeni, simudziwa zimene aikamo.

Inu a komiti ya zaumoyo ndi a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), ngati makina oyezera BP kapena shuga palibe pa chipatala chathu, lembani, kauzeni khansala, kauzeni phungu. Mankhwala akamasowa, teroninso. Nkhani ya zogulitsa pa sukulu, a komiti ya makolo mungaiyambe sabata ino osadikira Nyumba ya Malamulo.

Tabwera ndi sikelo ndi makina a BP, zili pansi pa mtengo wa mango apo. Abambo muyambe ndinu, chifukwa ndinu amene simubwera kuchipatala. Tisanapite kumeneko, amayi mwakweza dzanja apo, funsani.